Ana khumi a ku Tembisa amene ndinawalengeza pa guwa

Ndisanaloze chala atolankhani, ndiyambe ndaulula kulakwa kwanga.

Lachiwiri pa 8 June 2021 ndinali pa shifiti ya usiku pa geti ya malo ena osungira katundu cha ku Kempton Park. Kuzizira kwa June kuno ku Joni mukukudziwa. Mlonda akamaliza kuzungulira mpanda amakakhala pafupi ndi hita n'kutulutsa foni kuti tulo tisamube. Ndi mmene ndinaionera nkhani ija, yoti mayi wina wa ku Tembisa wa zaka 37 wabereka ana khumi pa kamodzi, anyamata 7 ndi atsikana 3. Inatuluka m'nyuzipepala ya Pretoria News, ndipo anailemba ndi mkonzi wamkulu wa nyuzipepalayo, a Piet Rampedi. Mwezi wa May chaka chomwecho mayi wa ku Mali anali atabereka ana 9 pa chipatala cha ku Casablanca, m'dziko la Morocco, choncho nkhani inali yoti mayi wa ku Tembisa waposa onse pa dziko lapansi. Nyumba zina zofalitsa nkhani, ngakhale BBC, zinaitola nazo meya wa Ekurhuleni atanena kuti anawo abadwadi.

Ine sindinafunse funso ngakhale limodzi. Tembisa ndi pakhomo pathu, abale ambiri a mu mpingo umene ndimatumikira amakhala komweko. Usiku womwewo ndinaiponya nkhaniyo pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo Lamulungu pa 13 June ndinailengeza pa guwa. Kumbukirani kuti Covid-19 inali itakoleranso, foni ikangolira mtima unkagunda kuti wamwalira ndani. Anthu anali ndi njala ya nkhani yabwino. Amayi anaimba nthungululu, achinyamata anaomba m'manja. Mu mpingo mwathu muli banja lina limene linali litatha zaka zambiri likupempherera mphatso ya mwana. Ndinawayang'ana ndili pa guwa pomwepo n'kunena kuti Mulungu amene wapereka khumi ku Tembisa sangalephere kupereka mmodzi kwa iwo. Mayiyo analira, bamboyo anagwada. Mapemphero atatha, amayi anagwirizana zosonkha matewera, sopo ndi kangachepe koti akapereke anawo akatuluka m'chipatala.

Pasanapite masiku, nkhaniyo inayamba kusosoka. Panalibe amene anawaona anawo, ngakhale pa chithunzi. Chipatala cha Steve Biko Academic ku Pretoria, kumene kunanenedwa kuti anabadwira, chinakana. Abale a bambo wa anawo anatulutsa chikalata chonena kuti nawonso sanawaone. Zinadziwika kuti meya uja anangomva kwa a pabanjapo. Pa 23 June boma la chigawo cha Gauteng linalengeza kuti palibe chipatala chilichonse m'chigawocho, cha boma kapena cholipira, chimene chinalemba za kubadwa kwa ana khumi, ndiponso kuti madokotala atamuyeza mayiyo anapeza kuti sanabereke kapena kukhala woyembekezera m'miyezi imeneyo.

Lamulungu pa 27 June ndinaimanso pa guwa kuti ndipepese. Amene anamva kupepesako anali ochepa poyerekeza ndi amene anamva chilengezo, chifukwa malamulo a mliri anali atatsitsa chiwerengero cha olowa m'nyumba yopemphereramo kufika pa 50. Banja lija silinabwere. Madzulo a tsiku lomwelo Pulezidenti Cyril Ramaphosa analetseratu misonkhano yonse, n'kusiya maliro okha. Patapita miyezi, mbale wina amene anakacheza kumudzi anandiuza kuti anakapeza anthu akusimbabe za ana khumi a ku Joni ngati chozizwitsa. Nkhani imene ndinaitumiza ndi chala chimodzi inafika mpaka kumudzi, koma kupepesa kwanga kunathera mu holo yathu.

Chimene ndinaphunzira ndi ichi: bodza likalowa m'nkhani, kawirikawiri amalilipira ndi anthu ena, osati amene analilemba, ndipo kukonza sikufika konse kumene bodzalo linafika. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake kuona mtima kwa mtolankhani kuyenera kuonekera nkhani isanatuluke, pa nthawi imene ali yekha ndi kope lake ndi foni yake.

Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mtolankhani ndi kandimverere wa tonsefe. Timamutuma kumene ife sitingafike, ku nyumba ya malamulo, ku khoti, ku chipatala, chifukwa ife tili pa ganyu. Chimene chimamusiyanitsa ndi munthu wosimba mphekesera pa renki ya taxi ndi chimodzi chokha, kutsimikiza. Ndipo pa nkhani ya ku Tembisa kutsimikiza kunali kosavuta. Ana khumi obadwa pa kamodzi amabadwa masiku asanakwane, amafunika makina owafunditsa khumi ndi gulu lalikulu la madokotala ndi anamwino. Chinthu chotere sichingabisike m'chipatala. Pa nkhani ya mayi wa ku Mali uja, boma la kwawo linalengeza, chipatala chinadziwika dzina, madokotala anayankhula poyera, ana anaoneka. Ku Tembisa kunali mawu a anthu awiri ndi zithunzi za mayi wa mimba yaikulu basi. Foni imodzi yopita ku chipatala ikanaimitsa zonse.

A Rampedi anadzalembera mabwana awo kuvomera kuti sanafufuze mokwanira, popeza anaitenga ngati nkhani yosangalatsa chabe, yosafunika kuikumba ngati nkhani ya katangale. Pamenepa ndimawamvetsa, chifukwa inenso ndinagwa m'dzenje lomwelo. Nkhani yoipa yokhudza munthu amene timamukonda timaifunsa mafunso ambirimbiri. Nkhani imene mtima wathu ukulakalaka kuti ikhale yoona timaimeza yosatafuna.

Wina anganene kuti, abusa, munthuyo sananame, ananamizidwa. Pa tsiku loyamba zikhoza kukhala choncho. Koma kunamizidwa kumasanduka kunama pamene umboni wafika iwe n'kumaumirirabe. Ofesi yomva madandaulo a owerenga ya kampani ya Independent Media, imene ndi mwini wa Pretoria News, inapeza kuti nkhaniyo inaphwanya malamulo a kampaniyo. Bungwe la akonzi a nyuzipepala la SANEF linadzudzula. Komabe mu October 2021 mkulu wa kampaniyo, a Iqbal Survé, anaitanitsa atolankhani n'kunena kuti anawo analipodi, ndipo kuti anazembetsedwa ndi gulu logulitsa ana lomwe likugwira ntchito m'zipatala. Sanaonetse mwana, manda kapena chikalata cha kubadwa. Boma linakana zonsezi. Kampaniyi inali itatuluka m'bungwe la Press Council mu 2016, choncho panalibe wapadera woti aikakamize kupepesa. Umu ndi mmene bodza limakhalira: loyamba likagwedezeka limafuna lachiwiri loti lilichirikize, ndipo lachiwirilo limakhala lalikulu kuposa loyamba.

Tsopano tiwerenge amene analipira. Woyamba ndi mayi uja. Dzina lake ndi nkhope yake zinafika dziko lonse, anatengedwa kupita ku chipatala cha Tembisa kukamuyeza maganizo, anthu akumuseka pa Facebook ndi pa Twitter. Munthu ameneyu ankafunika thandizo la mwakachetechete, ndipo mtolankhani wofunsa mafunso akanamuteteza ku manyazi amenewa. Achiwiri ndi anamwino ndi madokotala, amene pa nthawiyo ankagona m'mawodi kulimbana ndi mliri, kenako n'kumva akutchedwa akuba ana. Achitatu ndi amayi oyembekezera a m'makomboni. Inu mukudziwa mmene alongo athu amene mapepala awo sali bwino amaopera kale kupita ku sikelo. Onjezanipo mphekesera yoti m'zipatala amagulitsa ana, muone ngati wina sadzasankha kuchirira m'nyumba. Achinayi ndi anthu amene anapereka mphatso ndi mtima woyera. Achisanu ndi atolankhani oona mtima, amene tsopano akalemba zoona amayankhidwa kuti, inu aja a ana khumi. Pa mndandanda umenewu ine ndimaonjezapo banja la mu mpingo mwathu lija.

Musaganize kuti izi zimachitika pa nkhani zoseketsa zokha. Kuyambira mu 2014 nyuzipepala ya Sunday Times inalemba nkhani zotsatizana zoti mkati mwa SARS, bungwe lotolera misonkho la South Africa, munali kagulu kachinsinsi kochita ukazitape mosatsata lamulo, mpaka kunena kuti kankayendetsa nyumba ya mahule. Akuluakulu odziwa ntchito monga a Ivan Pillay ndi a Johann van Loggerenberg anachoka pa ntchito mu 2015. Nyuzipepalayo inadzavomera mu April 2016 kuti inalakwitsa zinthu zambiri. Mu 2018 komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi woweruza Robert Nugent inapeza kuti SARS inaonongeka kwambiri mu utsogoleri wa a Tom Moyane, ndipo a Moyane anachotsedwa mu November chaka chomwecho. Mu October 2018 mkonzi wa Sunday Times pa nthawiyo, a Bongani Siqoko, anapepesanso pa nkhani zina ziwiri zikuluzikulu, ina ya apolisi a ku Cato Manor ku Durban, ina ya anthu a ku Zimbabwe amene anabwezedwa kwawo, ndipo analengeza kuti akubweza mphoto zimene nkhanizo zinapata. Ndimawalemekeza chifukwa cha kulimba mtima kumeneko. Koma kupepesa kwa 2016 ndi 2018 sikunabweze zaka zimene anthu aja anataya, ndipo bungwe lotolera misonkho likafooka, chipatala chimene iwe ndi ine timapitako chimafooka nacho.

Ife obwera tinalawaponso mbali ina ya vutoli. Mu September 2019, ziwawa zolimbana ndi anthu a m'mayiko ena zitabuka ku Johannesburg, zoopsa zenizeni zinalipo: masitolo anaotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, anthu anafa. Koma pakati pa makanema amene ankazungulira panali ena onama. Imodzi inaonetsa anthu akudumpha kuchokera pa nyumba yosanja imene inkayaka, ndipo inalembedwa kuti ndi ku Joni. Zoona zake inali ngozi ya moto imene inachitika mu May chaka chomwecho mu mzinda wa Surat ku India. Ambiri a ife tinalandira mafoni a makolo akulira usiku. Ku Nigeria ndi ku Zambia anthu okwiya anaukira masitolo a makampani a ku South Africa, mmene mumagwira ntchito anthu a komweko. Choipa china n'chakuti kanema wonama amapatsa mwayi anthu ofuna kukana, amene amati zonse ndi zopeka, ngakhale zimene zinachitikadi. Kukokomeza mavuto athu kumatilanda mboni pa tsiku limene tikuifuna.

Palinso ena amene akamva zonsezi amati, basi, atolankhani onse ndi abodza, ine ndimangomvera za pa WhatsApp. Abale, pamenepo mwathawa mvula n'kugwera m'dziwe. Amene anaulula kuti ku Tembisa kulibe ana anali atolankhani anzawo, amene anaimba mafoni, anapita ku zipatala, anafunsa boma mpaka linayankha. Amene anazindikira kanema wa ku Surat anali atolankhani ofufuza zoona. Bungwe la Africa Check, limene linayamba mu 2012 ku Johannesburg konkuno, ntchito yake ndi imeneyi. Nyuzipepala ili ndi dzina, ili ndi adiresi, ili ndi mkonzi amene mungamusumire. Wowerenga aliyense akhoza kukadandaula kwa Press Council popanda kulipira. Koma uthenga wa mawu umene wafika pa foni yanu utadutsa m'manja mwa anthu zana, mukamudandaulira ndani?

Ntchito yanga ya ulonda inandiphunzitsa chimene ndinachiiwala usiku uja. Pa geti iliyonse pamakhala buku limene timalitcha OB, mmene timalemba zonse zochitika ndi nthawi yake. Malamulo ake ndi osavuta. Umalemba chimene waona ndi maso ako. Ngati wachita kuuzidwa, umalemba kuti wakuuza ndani. Umasaina dzina lako. Ukalakwitsa sufufuta kapena kung'amba tsamba, umangodula mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe, n'kulemba choona, n'kusainanso. Amatero chifukwa mzere umodzi wa m'bukumo ukhoza kuchotsetsa munthu ntchito kapena kumumangitsa. Ngati mlonda wa pa geti amayenera kusamala chotere ndi buku limene amawerenga anthu atatu, nanga mkonzi amene amawerengedwa ndi dziko lonse? Nanga ine m'busa, amene mawu anga anthu amawalandira ndi Ameni?

Monga mlonda, nkhani ya pa Mateyu 28 imandikhudza mwapadera. Asilikali amene ankalondera manda a Ambuye anakanena kwa akulu a ansembe zimene zinachitika, koma anapatsidwa ndalama kuti asinthe lipoti, azinena kuti ophunzira anaba mtembo iwo ali m'tulo. Mateyu akutiuza kuti nkhani imeneyo inali ikufalabe pa nthawi imene iye ankalemba. Taonani mmene lipotilo linalili lobooka. Munthu amene anali m'tulo anaona bwanji amene anaba? Bwana aliyense wa alonda akanalikana pa funso limodzi lokha. Koma linayenda zaka zambiri chifukwa omva sanafunse. Bodza limafuna anthu awiri, wolinena ndi wolilandira mosafunsa.

Apa ndiye nkhaniyi ikulowa m'nyumba mwathu. Masiku ano mpingo uliwonse uli ndi kamera, tsamba la Facebook ndi achinyamata ojambula. Tikaika umboni wa machiritso pa intaneti, tayamba ntchito ya utolankhani, ndipo malamulo ake akutimanga. Mukukumbukira kanema wa mu February 2019, wa mpingo wina waukulu wa ku Johannesburg, woonetsa munthu akudzuka m'bokosi la maliro. Makampani oyendetsa maliro amene magalimoto awo anaoneka pamenepo anati anapusitsidwa, ndipo dziko lonse linasandutsa nkhaniyo nthabwala. Amene analipira ndi mlongo amene amalalikira mu sitima, ndi mbale amene amachitira umboni kwa anzake ku ntchito, chifukwa kuyambira pamenepo ankayankhidwa ndi kuseka. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. N'chifukwa chake sindiopa kalata ya dokotala. Ambuye Yesu atachiritsa wakhate, pa Marko 1, anamutuma kwa wansembe, amene malinga ndi malamulo a pa Levitiko 14 ndiye ankayeza ndi kutsimikiza kuti munthu wachira. Chozizwitsa chenicheni chimapirira kuyezedwa. Mulungu safuna kuti timuthandize ndi bodza.

Ndiye tichite chiyani? Kwa abale ndi alongo athu amene ali pa ntchito ya utolankhani, kaya ku Johannesburg, ku Harare, ku London kapena kumudzi, ndikudziwa kuti mumapanikizika kuti mutulutse nkhani anzanu asanatulutse, ndipo malipiro ndi ochepa. Komabe kuona maso a nkhono n'kudekha. Imbani foni ina ija. Funsani mbali inayo. Mukalakwitsa, konzani msanga, pa malo oonekera ngati pamene munaika cholakwacho, osati m'kangodya ka tsamba la mkati. Kwa ife owerenga, chala chisanakanikize potumiza, tidzifunse kuti wanena ndi ndani, iyeyo anaona yekha kapena anamva, ndipo ngati nkhaniyi ili yabodza apwetekeke ndi ndani. Ngati nkhani yakusangalatsani kwambiri kapena yakukwiyitsani kwambiri, igonetseni usiku umodzi. Kwa atsogoleri a magulu a WhatsApp a mipingo, mukazindikira kuti chimene chinatumizidwa n'chabodza, musangochifufuta mwakachetechete. Lembani poyera kuti chinali chabodza, ndipo pemphani aliyense amene anachitumiza kwina kuti akakonzenso komweko. Kwa azibusa anzanga, guwa si malo oyeserapo nkhani za pa foni.

Matewera ndi sopo zija sizinatayike. Amayi anakazipereka kwa mlongo wina wa mu mpingo amene anabereka mwana mmodzi wamkazi m'nyengo yomweyo, mwana amene tonse tinamuona ndi kumunyamula. Misonkhano itatsegulidwa ndinapita kunyumba kwa banja lija kukapepesa pamaso. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, anandikhululukira. Koma bamboyo anandipempha chinthu chimodzi, kuti tsiku lina ndikadzafuna kuwalimbikitsa, ndidzagwiritse ntchito Mawu a Mulungu kapena chinthu chimene ndachiona ndi maso anga. Pempho limeneli ndalisunga mpaka lero, ndipo ndi lomwe ndikulipereka kwa aliyense amene amagwira cholembera, kamera kapena maikolofoni.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani kulikonse kumene muli.